Chitunda cha ku Boston: phunziro kwa amene mukulota za MBA

Mpikisano wothamanga wa Boston Marathon ku America udayamba mu 1897, ndipo ndi wamtunda wa makilomita 42. Othamanga ambiri amaopa kachitunda kena ka m'dera la Newton kotchedwa Heartbreak Hill. Mukakaona mutha kuseka: n'kotalika pafupifupi mamita 600 ndipo kamakwera mamita 27 okha. Nanga kamagwetsa bwanji akatswiri?

Vuto ndi pamalo pomwe kali. Kamabwera munthu atathamanga kale makilomita oposa 30, ntchafu zitafooka ndi mitsetse ya koyambirira, komanso atadutsa zitunda zina zitatu. Mu 1936, Johnny Kelley, yemwe adapambana chaka cha 1935, adapeza Ellison Brown pa zitundazi n'kumusisita paphewa pomudutsa. Brown adadzidzimuka, adaonjezera liwiro n'kupambana. Kelley adathera pa nambala 5. Dzina la chitundachi, lotanthauza kusweka mtima, lidachokera pamenepo.

Mumzinda womwewo muli Harvard Business School, yomwe idayamba kuphunzitsa MBA mu 1908. Maphunzirowa ndi a zaka ziwiri, ndipo ophunzira amakambirana nkhani zenizeni za makampani pafupifupi 500. M'kalasi mumakhala anthu pafupifupi 90. Mphunzitsi amangoloza mmodzi mosamuchenjeza kuti afotokoze zomwe akadachita akadakhala bwana wa kampaniyo. M'maphunziro ambiri, pafupifupi theka la malikisi limachokera pa zomwe munthu amayankhula m'kalasi. Kubisala kumbuyo kulibe.

Nkhani imodzi payokha si yoopsa. Imalemera chifukwa imapeza munthu atatopa kale, tulo tili tochepa, fizi ikumudya m'mutu. Chimodzimodzinso inu amene mukuphunzira MBA madzulo kapena Loweruka, uku muli pantchito, ana akukudikirani kunyumba.

Ndiye othamanga amatani? Choyamba, pachikweza amafupikitsa mapazi. Liwiro limatsika koma mpweya sutha. Ngati masamu a zachuma akukuzunguzani, agaweni tizigawo ting'onoting'ono, kamodzi patsiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri, sazemba zitunda pokonzekera. Amakwera, kutsika, n'kukweranso dala, mpaka miyendo ndi mtima zitazolowera. Inunso phunziro lomwe mumaliopa ndi lomwe muyenera kuliyamba m'mawa mutu ukadali bwino. Ngati mumanjenjemera poyankhula pagulu, kwezani dzanja msanga, mantha asanakhazikike.

Chachitatu, ambiri amakonzekera m'magulu. Ku Harvard ophunzira amakumana m'timagulu kukambirana nkhani za tsikulo asanalowe m'kalasi. Wodziwa za akaunti amathandiza wodziwa zamalonda, winayo n'kubweza. Mutu umodzi susenza denga, eti?

Pomaliza, kumbukirani Kelley. Kudutsa mnzanu pachitunda si kupambana, chifukwa pamwamba pa Heartbreak Hill pamatsala makilomita oposa 8. Kukhoza bwino temu yoyamba kusakupusitseni, ndipo kulephera mayeso amodzi kusakugwetseni ulesi. Kelley yemweyo adadzapambananso mu 1945, ndipo adamaliza mpikisanowu maulendo 58.

Musanalipire fizi, khalani pansi ndi banja lanu muwerengere ndalama ndi maola omwe maphunzirowa adzadye sabata iliyonse. Walira mvula walira matope, koma wodziwa pomwe pali chitunda amasunga mphamvu zokwerera.