Liu lakuti "late" lingakuonongeleni munda

Caka cina mlendo wocokela ku Ireland anafunsa mai wina kwathu kuti amuna ao ali kuti. Maiyo anayankha kuti, "My husband is late." Mlendo uja anayang'ana pa wochi nati palibe kanthu, tiwadikila. Bamboyo anali atagona kumanda zaka zitatu.

Kuno ku Zambia tikati munthu ali "late" timatanthauza kuti anamwalila. Eni ake Cingelezi amamva kuti wacedwa cabe. Iwo liuli limatanthauza malemu likakhala patsogolo pa dzina, monga "the late Levy Mwanawasa", amene anatisiya mu 2008. Mukalemba kalata yofunsa za penshoni kapena za munda wamasiye, lembani "my late husband".

Koma pamene liuli limaluma kweni-kweni ndi pa thumba la mbeu. Ndaona alimi ambili, ena ophunzila ndithu, akugula cimanga colembedwa "late maturing" kumapeto kwa December, ati ndiyo mbeu ya anthu ocedwa kubyala. Iyai abale! Cimene cimacedwa pamenepo ndi kukhwima kwa cimanga. Mbeu imeneyi imafuna masiku 140 kapena kupitilila, conco iyenela kulowa m'nthaka ndi mvula yoyamba yeni-yeni. Mukaibyala pa Khrisimasi, mvula idzatha mu March cimanga cikali pa ngaiyaye, ndipo feteleza wa ngongole uja mwataya.

Wocedwa kubyala afune "early maturing", ya masiku pafupi-fupi 120. Ngati Cingelezi cavuta, onani nambala. Pa mitundu yambili nambala ya m'ma 400 ndi yofulumila, ya m'ma 600 ndi ya pakati, ya m'ma 700 ndiyo yocedwa. Ya 700 imabeleka kwambili, n'cifukwa cake imakopa maso, koma imafuna mvula yaitali monga ya ku Luapula. Inu a m'cigwa ca Luangwa, kumene mvula kawili-kawili siifika mamilimita 800, muiganizile kawili.

Palinso "late November" amene alangizi amachula pa wailesi. Sakunena kuti November wacedwa, akunena masiku a kumapeto kwa mweziwo. Ine ndinaphunzila zimenezi ndili mnyamata, mphunzitsi atandilembela ndi inki yofiila. Mlamu wanga anaziphunzila pa mahekitala awili.