Chaka Chatiphunzitsa Chiyani pa za Ubwenzi, Chikondi ndi Edzi?

Amayi, tatha chaka tikumvera masewero a pa wailesi ndi kukambirana podikira sikelo. Tiyeni tikumbutsane zomwe tatolapo.

Mnzanu akapezeka ndi kachirombo ka HIV musamusale. Kachiromboka sikafala podyera mbale imodzi, popatsana moni wa m'manja kapena polumidwa ndi udzudzu. Bwenzi lenileni limasunga chinsinsi ndi kukumbutsa mnzake kumwa mankhwala.

Munthu amene ali ndi kachiromboka sadziwika pongomuyang'ana. Nchifukwa chake nkofunika kutengana ndi bambo a kunyumba kukayezetsa magazi. Wina akapezeka nako pamene mnzake alibe, banja lisathe ayi. Gwiritsani ntchito makondomu. Dziwaninso kuti munthu womwa ma ARV mosadumphitsa, mpaka kachirombo kosaonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake pogonana.

Edzi inapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ndipo kale ana ambiri ankatengera kachiromboka kwa amayi awo. Kuyambira mu 2011, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka nako amayamba ma ARV nthawi yomweyo, ndipo amamwa moyo wake wonse. Izi zimateteza iye ndi mwana yemwe.

Ngati muli nako, chirirani kuchipatala. Mwana azimwa mankhwala amene mwapatsidwa. Kamuyezetseni akakwanitsa masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24. Muyamwitseni bere lokha miyezi 6 yoyambirira.

Funso lokambirana: Kodi nkhani yoyezetsa magazi mungaiyambe bwanji kwa amuna anu popanda kukangana?