Mkwiyo wa pa nsanja umathera pa ana a eni

Anthu a m'chigwa cha Shire safuna womasulira akamva za ng'ona. Amakumana nazo padooko, potunga madzi ndi powedza. N'chifukwa chake mawu a Dr Hastings Kamuzu Banda, oti otsutsana naye adzasanduka nyama ya ng'ona, ankalowa m'mafupa kwa Asena ndi Amang'anja kuposa kwina kulikonse. Ndipo sanathere m'malere. Mu Meyi 1983, David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza pamodzi ndi nduna zitatu: Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala. Boma lidati inali ngozi ya galimoto. Dziko linali litazolowera kumva kuti chigawenga sichiyenera chifundo, choncho ochita chiwembucho sanavutike ndi chikumbumtima.

Moyo wa Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, ukuonetsa bwino momwe moto umenewu umayendera. Iye adatsogolerapo a Payoniya, gulu lomwe linkasandutsa mkwiyo wa pa nsanja kukhala zibonga m'misika ndi m'mabasi. Kenako chilombocho chidamutembenukira: mu 1980 adamangidwa, nakakhala m'ndende mpaka 1993. Chisankho cha Meyi 2004 chitatha, Chakuamba, yemwe adaimira zipani za Mgwirizano pa mpando wa pulezidenti, adalengeza kuti wapambana koma amubera. Anyamata adakhamukira m'misewu ya Blantyre, apolisi adaombera, ndipo mwa ophedwa mudali kamtsikana ka ku Chilobwe komwe kadali kasanafike pamsinkhu wovota. Patangopita masabata ochepa, Chakuamba adagwirizana ndi Bingu wa Mutharika, yemwe adalengezedwa kuti ndiye wapambana, pambuyo pake nakhala nduna ya zaulimi. Akuluakulu adagwirana chanza. Maliro adatsalira makolo.

Apa ndi pamene mtima umandipwetekera. Wandale akaima pa Ngabu, pa Nchalo kapena pa Bangula n'kunena kuti dera lino lili ndi eni ake, achipani china asapondemo, iye satola mwala. Amakwera galimoto n'kubwerera kumtunda kudzera ku Thabwa. Wotola mwala ndi mnyamata wa kabaza, kapena wodula nzimbe amene ganyu yamuthera, yemwe munda wake udakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Kwa iye malaya a chipani, kachasu ndi kandalama ka tsiku limodzi si zinthu zazing'ono. Mawa lake amakumana pachigayo ndi msuweni wake amene adamugenda dzulo.

Andale amakonda kudzitchinjiriza kuti ankangosangalatsa msonkhano. Koma mu Malichi 1992, akuluakulu a chipani cha Banda cha MCP atakwiya ndi kalata ya maepiskopi a Katolika mpaka kukamba zowapha, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka idatenthedwa. Amene adayatsa motowo adali atamva bwino lomwe zimene mabwana awo ankafuna.

Chigwa cha Shire chomwechi chidaonetsanso kuti mkangano wa chisankho ungathe popanda chikwanje. Odandaula ndi zotsatira za chisankho cha aphungu cha 2019 pakati ndi kumpoto kwa Nsanje adapita kukhoti, khoti lidafafaniza zotsatirazo, ndipo pa chisankho chachibwereza cha mu Malichi 2021 Kafandikhale Mandevana adagonjetsa Francis Kasaila, pamene Enock Chizuzu adalanda mpando wa Esther Mcheka Chilenje. Zidatenga pafupifupi zaka ziwiri. Mafumu, a mipingo ndi bungwe lophunzitsa anthu za demokalase la NICE ali ndi chitsanzo cha kwawo komwe choti akumbutse aliyense wopempha bwalo la msonkhano, asanamupatse chimkuzamawu.