NGALAWA YA ZAKA ZOPOSA 130 ISANDUKA SUKULU

Awerengi amene anasiya kwao kukafuna nchito ku Joni kapena ku Harare adzaimvetsa nkhani ya ngalawa yochedwa Ernestina-Morrissey, pakuti inkanyamula anthu onga iwo.

Ngalawayi inakhomedwa ndi matabwa m'caka ca 1894 ku Essex, m'dziko la Amereka. Iri ndi milongoti iwiri, ndipo imayenda ndi mphepo yoomba m'matanga. Poyamba inali ya asodzi a ku Gloucester. Kuyambira 1926 Captain Bob Bartlett anayenda nayo zaka pafupifupi 20 m'nyanja za cisanu za kumpoto. M'caka ca 1947 inagwira moto ku New York, nimira, ndipo inaoneka ngati yatha.

Koma mu 1948 Henrique Mendes wa ku Cape Verde, zisumbu za kumadzulo kwa Africa, anaigula, naikonza, naicha dzina la mwana wace wamkazi, Ernestina. Masiku amenewo cilala ndi njala zinasautsa anthu a m'zisumbuzo. Ngalawayi inkaoloka nyanja ya Atlantic kunka ku Providence ndi anthu ofuna nchito, nibwerera ndi zobvala ndi katundu wa abale otsala kumudzi, kufikira 1965. Mu 1982 Boma la Cape Verde linaipereka kwa anthu a ku Amereka monga mphatso.

Itakalambanso, amisiri a ku Boothbay Harbor anayamba kuikhoma mwatsopano mu 2015, ndipo pambuyo pace inaperekedwa ku sukulu ya amalinyero ya Massachusetts Maritime Academy.

Ena afunsa kuti: kodi ana amene adzayendetsa sitima zacitsulo za injini apindulanji ndi ngalawa yotere? Ife tiona kuti phindu liripo. Thabwa likaola, mmisiri aika lina. Koma luso lolumikiza cingwe coduka, lomata mipata ya matabwa ndi thonje ndi phula, ndi lozindikira kuti mphepo iri pafupi kutembenuka, silikhala m'buku. Munthu aliphunzira ndi manja, ngalawa irikuyenda, wamkulu ataima pambali pace. Thanga lalikulu lokha lifuna anthu ambiri kukoka pamodzi pa mau a mmodzi, ndipo wina akacita ulesi onse adziwa pomwepo. Asodzi athu osema mabwato ku nyanja sangadabwe nazo zimenezi.

Tsopano ngalawayi icedwa ndi maina ace onse awiri: la Morrissey, la masiku a usodzi, ndi la mwana wa Mendes.