Citupa ca Ngolo: Za Njanji Imene a ku Petauke Ali Kuyembekeza

Munthu wa ku Petauke kapena wa ku Nyimba amene sanacokepo kwao sanaione sitima ya pamtunda. Makolo ace ambiri anaiona, pakuti anayenda pansi masabata angapo kunka ku Broken Hill, mudzi umene lero uchedwa Kabwe, kumene njanji inafika m'caka ca 1906. Pamenepo anakwera kunka ku mgodi wa malasha wa ku Wankie, ena ku Salisbury, ndipo pambuyo pace ku Luanshya ndi ku Nkana. Koma ku dziko la Ansenga njanji sinafike. Kufikira lero nshawa, cimanga ndi thonje zituluka pa malole mu mseu wa Great East Road, ndipo fataleza alowa momwemo.

M'caka ca 2010 inatsegulidwa njanji yaifupi yocokera ku Mchinji, m'Malawi, kufika ku Chipata. Nchito yace inayamba m'caka ca 1982, ndipo sitima zayendapo modukiza-dukiza. M'caka ca 2016 Boma la Zambia linapangana ndi kampani ya ku China yochedwa CCECC kuti imange makilomita 388 kucokera ku Chipata, kudzera ku Petauke, kuoloka cigwa ca Luangwa, kukwera mapiri a Muchinga, kukalumikiza ku Serenje pa njanji ya TAZARA. Njanjiyo sinamangidwe. Anthu akaikamba, akamba za ndalama ndi za milatho, ndipo acita bwino. Komatu ilipo nkhani ina yosafuna simenti kapena citsulo, imene ikanyalanyazidwa idzasandutsa njanji yokongola kukhala khola losungiramo ngolo zoima. Nkhaniyo ndiyo ya kauzidwe: momwe eni njanji a dziko lina auzira anzao a tsidya lina za katundu ali m'njira.

Tsono omvera aganize za ngolo imodzi yodzala ndi nshawa, itanyamuka pa siteshoni ya Petauke tsiku limene siteshoniyo idzakhalepo. Ikalunjika kum'mawa idzafika ku Chipata, nilowa m'Malawi, m'manja mwa Central East African Railways. Nidzera ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Nkaya, nituluka pa Nayuchi. Tsidya la malire ndi Entre Lagos, m'Mozambique, kumene akalaliki alemba Cipwitikizi. Ndipo ipitirira ku Cuamba ndi ku Nampula kufikira doko la Nacala, ulendo wa makilomita oposa 1,000. Ikalunjika ku Serenje idzapeza eni ena, a TAZARA, amene angaitengere kumpoto pa Nakonde ndi Tunduma kunka ku Dar es Salaam, kapena kumwera ku Kapiri Mposhi, kumene a Zambia Railways ailandira kunka nayo ku migodi. Njanji zonsezi ziri ndi msinkhu umodzi pakati pa zitsulo zace ziwiri, ndiwo mamilimita 1,067. Cotero mawilo a ngolo sazindikira malire, angopita. Cimene ciima pa malire ndico mbiri yace ya ngoloyo.

Anthu a ku migodi adziwa bwino bvuto limeneli, ngakhale sanalione pa ngolo. Akulu-akulu akumbukira masiku a citupa. Munthu anali ndi dzina la kumudzi, ndi lina limene kalaliki wa ku boma analemba monga analimvera, ndi linanso limene anadzicha pofika ku komboni. Mkazi wace akatumiza kalata pa dzina la kumudzi, kalata inazungulira mgodi wonse osampeza mwini wace, ngakhale iye anali kugona pafupi ndi ofesi. Cimene cinampeza msanga cinali nambala yace ya pa nchito, cifukwa inali imodzi m'mabuku onse. Ngolo nayonso ifuna citupa cotere: nambala imodzi, yosafanana ndi ya ngolo ina iri yonse, yolembedwa mofanana ku Chipata, ku Limbe ndi ku Nacala. Kampani iri yonse ikawerenga ngolo zace mwa yokha kuyambira pa 1, padzapezeka ngolo ziwiri za nambala imodzi m'bwalo limodzi, ndipo kalaliki adzatumiza ya mcere kumene kunafunika ya fataleza.

Angerezi anakomana nazo zimenezi kale lomwe. Njanji zao zoyamba zinali za makampani ambiri ang'ono-ang'ono, ndipo anakangana masiku onse za ngolo zosabwezedwa ndi za kagawidwe ka ndalama. M'caka ca 1842 anatsegula nyumba ya mabuku ku London yochedwa Railway Clearing House. Nyumbayo inaika anthu ace pa mphambano za njanji, ndipo nchito yao inali imodzi yokha: kuima pamphepo ndi pamvula, kulemba nambala ya ngolo iri yonse yopita, ndi kutumiza mapepala ku London. Kumeneko akalaliki anawerengera mtunda umene ngolo inayenda pa njanji ya mwini uyu ndi ya mwini uyo, ndi masiku amene inacedwa kwa eni ena. Nchito yonyozeka ndithu poiona. Koma anthu olemba nambala aja sanali a kampani iri yonse mwa okanganawo, ndipo cifukwa cace onse anakhulupirira mabuku ao.

Apa ndipo pagona mtima wa nkhani. Ngolo ya mwini wina ikakhala pa njanji yako, uilipira masiku amene yakhala, monga munthu wobwereka ng'ombe za mnzace zolimira. Motero buku la nambala ndilo buku la ngongole. Wobwereka sathamangira kulemba kuti walandira, ndipo wobwereketsa sacedwa kulemba kuti wapereka. Pakati pa mabuku awiriwo ngolo ikhoza kutha masiku iri pabwalo poyera, anthu ali kuiona ndi maso, koma m'mabuku mulibe.

Maiko a ku Ulaya anapangana m'zaka za m'ma 1960 kuti ngolo yoyenda kunja kwa dziko lace ikhale ndi nambala ya ziwerengero 12. Mwa izo ziripo zonena dziko, ndi zina zonena mtundu wa ngolo. Cotsiriza ndico cocenjera koposa: cipezeka powerengera zinzace 11 zija mwa lamulo lodziwika, kotero kuti kalaliki akaphonya ciwerengero cimodzi, masamu akana, ndipo colakwa cigwidwa pomwepo cisanayende ulendo. Ku America, m'zaka za m'ma 1990, anamangirira pa ngolo iri yonse kacipangizo koyankha wailesi, ndipo makina oima m'mbali mwa njanji alemba okha ngolo zonse sitima iri kuthamanga. Ndi anthu aja a pamvula omwewo, koma tsopano sagona tulo. Ndipo m'caka ca 2006 maiko a European Union anaika lamulo lonena mauthenga amene kampani yonyamula katundu iyenera kutumiza kwa inzace, ndi kalembedwe kace.

Lamulo lotere lingaoneke ngati kucurutsa gaga m'diwa, koma mau anyenga. Mthenga akati, "Ngolo yafika," atanthauza ciani? Kwa woyendetsa sitima yafika pamene yalowa m'bwalo la siteshoni. Kwa kalaliki wa tsidya lina yafika pamene iye waiyang'ana nasaina. Kwa mwini katundu yafika pokha-pokha itaima pamene anyamata ace angatsitse matumba. Onse atatu anena zoona, ndipo pakati pa woyamba ndi wotsiriza pangapite masiku. Nthawi nayo siri imodzi: pa Nakonde ikakwana 10 koloko, pa Tunduma, pamene munthu afika ndi miyendo, yakwana 11. Ngolo yoperekedwa usiku kwambiri ikhoza kulembedwa Lacitatu m'buku lina ndi Lacinai m'buku linzace, ndipo tsiku limenelo wina adzalilipira. Ndalama ya Zambia ndi kwacha, ya Malawi ndi kwacha, koma mphamvu zao zisiyana kutali. Pepala longolemba kuti "K" lingadzetse mlandu. Za kulemera alimi sasowa wowauza, pakuti anaona thumba la cimanga la mapaundi 200 lisanduka la makilogalamu 90, ndipo pambuyo pace la 50. Wolemba "matumba 600" osanena thumba lace sananene kanthu.

Ciripo cina coopsya kuposa ndalama. Pamene TAZARA inatha kumangidwa m'caka ca 1975, ngolo zace zinadza ndi mabuleki ogwira ndi mpweya wopopedwa, pamene za Zambia Railways zinali ndi ogwira ndi mpweya wokokedwa. Mitundu iwiriyi simvana, kupatula pa ngolo yokhala nayo yonse iwiri. Wolumikiza sitima ayenera kudziwiratu mtundu wa ngolo ziri kudza, kulemera kwace, ndiponso ngati mwa izo muli mafuta kapena mankhwala oyaka. Pa citunda ngati ca Muchinga, kulakwa kwa pepala kungathere m'maliro.

Asaganize omvera kuti kuno sikunayesedwe. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la UNCTAD, la United Nations, linaika makina a kompyuta ochedwa RailTracker pa njanji zingapo za mu Afrika, pamodzi ndi TAZARA ndi Zambia Railways, kuti zidziwe pamene ngolo iri yonse iri. M'caka ca 1996 eni njanji a cigawo cino anapanga bungwe lao, Southern African Railways Association, kuti azipangana za sitima zodutsa malire. Maziko alipo. Koma kompyuta idziwa cokha cimene yauzidwa. Kalaliki wa pa siteshoni ya kuchire akasowa magetsi, kapena akalemba mawa zimene zinacitika lero, makina anena bodza mofulumira kuposa munthu.

Ndiponso eni njanji asintha. Njanji ya Malawi inaperekedwa kwa Central East African Railways m'caka ca 1999. Ya Zambia inayendetsedwa ndi Railway Systems of Zambia kuyambira 2003, ndipo Boma linaitenganso mu 2012. Kampani ya Vale, ya ku Brazil, imene inamanga njanji ya malasha yocokera ku Moatize kudzera m'Malawi, inagulitsa zace kwa Vulcan mu 2022. M'caka ca 2025 Zambia ndi Tanzania anapangana ndi CCECC, yomwe ija ya pangano la Serenje, kuti ikonze TAZARA ndi kuiyendetsa zaka 30. Mwini watsopano ali yense adza ndi makina ace ndi kalembedwe kace. Cifukwa cace si nzeru kukakamiza onse kugula makina amodzi, pakuti makina akalamba msanga kuposa ngolo. Coyenera kupangana ndico cinenero: nambala ya ngolo, nambala ya siteshoni iri yonse, tanthauzo la "yafika" ndi "yaperekedwa," nthawi imodzi yowerengera, ndi sikelo imodzi. Pangano limenelo likhale la maboma ndi la bungwe la onse, lolembedwa m'cikalata cimene kampani isaina polandira njanji, kuti mwini akacoka, cinenero citsale.

Makampani aopa kuti mnzao akaona mabuku ao adzawalanda malonda. Manthawo ali ndi cifukwa, koma mankhwala ace ngapafupi. Mnzako wa tsidya lina safuna kudziwa mtengo umene unapangana ndi mwini katundu. Afuna kudziwa ngolo iti, iri pati, yodzala kapena yopanda kanthu, yolemera bwanji, inka kuti, ndipo ifika liti. Zimenezi zikatsogola pa lamya, monga mthenga atsogola mfumu isanalowe m'mudzi, iye akonzeratu mutu wa sitima ndi anthu, ndipo a kasitomu awerenga mapepala ngolo isanaoneke. Pa mseu cinthu cofanana cinayamba mu 2022, pamene Zambia ndi Malawi anatsegula cipata ca Mwami ndi Mchinji kumene lole liima kamodzi m'malo mwa kawiri.

Kwa mlimi wa kwa Kalindawalo nkhani yonseyi ithera pa tsiku limodzi la mwezi wa November. Mitambo yayamba kuda, munda walimidwa, ndipo iye wapita kwa wogulitsa kukafunsa fataleza. Wogulitsa ayankha kuti katundu anatsika m'combo ku Nacala. Mlimi afunsa kuti ali pati tsopano. Ngati yankho liri lakuti ngolo inacoka pa Nkaya dzulo madzulo ndipo ifika Lacisanu, mlimi abwerera kwao nabzala. Ngati wogulitsa angotambasula manja, mlimi agula wodula wa pa lole, ndipo wogulitsayo caka camawa saitanitsanso pa sitima. Mwana wa mlimiyo, amene agwira nchito ku Mufulira kapena ku Chingola, ndiye atumiza ndalama zoonjezera. Woyendetsa lole ali ndi lamya m'thumba, ndipo mwini katundu akamuimbira anena mudzi umene wafika. Amalonda ambiri asankha lole cifukwa ca ici, ngakhale mtengo wace upose wa sitima.