Zipere za M'mutu: Kuno ndi Maiko Ena

Zipere za m'mutu zimayamba ndi mafangasi, tizilombo tangati nkhungu timene timalowa m'mizu ya tsitsi. Tsitsi limathothoka mozungulira, pamalopo pamatuwa ndi kuyabwa, ndipo nthawi zina pamatupa n'kumatuluka mafinya. Zimakonda ana osatha msinkhu, ndipo zimafala pobwerekana zipeso, zipewa, malezala ndi makina ometera.

M'midzi ndi m'matauni a ku Malawi ndi Zambia, makolo ambiri amaona zipere ngati nthenda ya ubwana yotha yokha. Mwana akagwidwa amamumeta mpala, kenaka n'kumupaka madzi a masamba, utomoni kapena mankhwala opaka ogula. Kumetako kumachepetsa tsitsi lodwala, koma lezala imodzi ikayenda m'mitu ya ana onse pakhomo, nthenda nayonso imayenda. N'chimodzimodzi kometera tsitsi ngati makina satsukidwa.

Ku Ulaya vutoli analithira mphamvu yoopsa. Ku Paris ndi ku London, ana odwala zipere ankawapatula m'sukulu zawozawo. M'chaka cha 1904, dokotala wa ku France, Raymond Sabouraud, anakhazikitsa njira yothothola tsitsi lonse ndi kuwala kwa X-ray. Njirayi inafalikira maiko ambiri, ndipo ku Israel ana zikwizikwi anaunikidwa motere pakati pa 1948 ndi 1960. Patapita zaka, ena mwa iwo anadwala khansa ya chithokomiro ndi zotupa za mu ubongo.

Lezala ndi X-ray yomwe zinkalimbana ndi chinthu chimodzi: tizilombo tobisala m'mizu, momwe mankhwala opaka safika. Yankho linapezeka mu 1958, pamene J. C. Gentles wa ku Glasgow anaonetsa kuti mankhwala akumwa a griseofulvin amachiza zipere. Mwana amawamwa kwa masabata 6 mpaka 8, pamene terbinafine amamwedwa kwa masabata 4. Shampu ya ketoconazole imachepetsa kupatsirana, koma payokha sichiza.

Gwero la nthendayi limasiyananso. Kumwera kwa Ulaya ana ambiri amaitenga kwa amphaka ndi agalu, pamene mu Africa, ku Britain ndi ku America imachoka kwa mwana kupita kwa mnzake. Nchifukwa chake kuno mwana mmodzi akapezeka ndi zipere, abale ake onse ayenera kuonedwa, zipeso ndi zofunda zitsukidwe, ndipo wodwalayo apite kuchipatala msanga. Chotupa chikachedwa kuchizidwa chimasiya chipsera pomwe tsitsi silimeranso.