Kodi Mumadziwa? Kachilema Kosaoneka Kamatsitsa Mtengo wa Dayamondi

Miyala yambiri ya dayamondi imakhala ndi timadontho kapena timing'alu m'kati mwake. Bungwe la GIA la ku America limaiika m'magulu 11, kuyambira FL, wopanda banga lililonse, mpaka I3, wa zilema zooneka ndi maso. Akatswiri amaiunika ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10.

Choncho mnyamata wa ku Ngala amene akusunga ndalama za nsomba kuti agule mphete yaukwati angasankhe mwala wa m'magulu apakati, VS2 kapena SI1. Timadontho take nthawi zambiri sitioneka popanda kagalasiko, koma mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi FL.

Nayonso miyala yakwathu, monga ruby wa kuphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi aquamarine wa ku Mzimba, imakwera mtengo ikakhala yoyera m'kati.